Kuchedwa ndi Kuchedwetsa: Mlandu wa Osewera Odekha m'Masewero a Snooker

Mu Epulo 2005, m'nyumba ya zisudzo ya Crucible mumzinda wa Sheffield ku England, mudachitika chinthu chimene okonda masewero a snooker amakangana nacho mpaka lero. Peter Ebdon ndi Ronnie O'Sullivan adakumana pa mpikisano wa dziko lonse, atatsala osewera asanu ndi atatu okha. Wopambana adayenera kukhala woyamba kutenga zigawo 13. O'Sullivan, amene adali ngwazi ya chaka cham'mbuyo, adatsogola ndi zigawo 8 kwa 2, kenaka 10 kwa 6, ndipo ambiri adayesa kuti nkhani yatha. Pamenepo Ebdon adayamba kusewera mosathamanga konse: kuzungulira tebulo, kuwerama, kudzuka, kuyang'ananso, mwakuti paulendo wina adatha mphindi zoposa 5 kuti apeze mapointi 12 okha. Oonerera adali asadaiwale kuti mu 1997, m'nyumba yomweyo, O'Sullivan adasesa mipira yonse patebulo napeza mapointi 147 m'mphindi 5 ndi masekondi 8. Mtendere udamuthawa O'Sullivan pampando wake, adafika pofunsa munthu wina woonerera kuti nthawi ili bwanji, ndipo potsiriza adagonja ndi zigawo 13 kwa 11.

Ebdon adakana kuti adachitira dala. Iye adati zinthu zikathina amayamba kuchedwa mosazindikira. Mtolankhani Matthew Syed sadakhutire ndi yankho limeneli, ndipo adalemba m'nyuzipepala ya The Times kuti zimene zidachitikazo zidali chinyengo. Ebdon adakasuma kukhoti kuti amuipitsira mbiri, koma mlandu sudamukomere. Khoti lidaweruza za ufulu wa mtolankhani wonena maganizo ake. Funso la chikhalidwe lidatsala pomwepo losayankhidwa. Funsolo ndi ili: munthu amene woyang'anira masewero sadamupeze ndi mlandu, koma wagonjetsa mnzake pomutopetsa, kodi walakwa? Ndipo ngati walakwa, walakwira yani: mnzake wosewera naye, anthu oonerera, kapena masewero enieniwo?

Owerenga ambiri amadziwa pool, amene matebulo ake ali ponseponse m'malo ochezera a m'matauni mwathu. Snooker ndi mbale wake wamkulu. Tebulo lake ndi lalikulu, pafupifupi mamita 3.6 m'litali ndi 1.8 m'lifupi, ndipo matumba ake salandira mpira mosavuta. Pamakhala mipira yofiira 15, iliyonse ya pointi imodzi, mipira 6 ya mitundu ina ya mapointi kuyambira 2 mpaka 7, ndi mpira woyera umene umamenyedwa ndi ndodo. Wosewera amagwetsa wofiira, kenaka wamtundu wina, kenaka wofiiranso, ndipo amapitiriza kufikira ataphonya. Masewerowa adayambitsidwa ndi akuluakulu a asilikali a Britain ku India cha m'ma 1870, ndipo mpikisano wa dziko lonse udayamba kuchitikira ku Crucible mu 1977. Chofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi tanthauzo la dzinalo. M'masewerowa liwu lakuti snooker limanena za kubisa mpira woyera kuseri kwa mpira wina, kuti mnzako asaone njira yolunjika yomenyera mpira umene akuyenera kumenya. Ndiye kuti dzina la masewero onse ndi liwu lomwelo limene limanena za kutsekera mnzako njira. Amene amati kutseka ndi kubisa kumaononga snooker ayenera kuyamba afotokoza chifukwa chake chinthu chimene akudana nachocho chimatchedwa ndi dzina la masewero enieniwo.

Kuyambira kale osewera otchuka adagawika m'mitundu iwiri m'maso mwa ochemerera, ndipo maina amene adapatsidwa amaulula kumene mitima idapendekera. Alex Higgins adatchedwa Hurricane, ndiye kuti namondwe. Jimmy White adatchedwa Whirlwind, kamvuluvulu. O'Sullivan ndi Rocket. Onsewa ndi maina a zinthu zimene munthu amaziona modabwa, zimene zimadutsa msanga. Kumbali inayo kudali Cliff Thorburn wa ku Canada, ngwazi ya 1980, amene adatchedwa Grinder, wopera mnzake ngati chimanga pamphero. Terry Griffiths wa ku Wales, ngwazi ya 1979. Eddie Charlton wa ku Australia. Kenaka Ebdon, ngwazi ya 2002. Ndi Mark Selby wa ku Leicester, amene O'Sullivan adamupatsa dzina lakuti Torturer, wozunza. Munthu wophunzira zinenero sangalephere kuona kuti gulu loyamba lidatchulidwa ndi maina a zachilengedwe, zimene sitiziimba mlandu ngakhale zigwetse nyumba, pamene gulu lachiwiri lidatchulidwa ndi maina a anthu ochitira anzawo zopweteka. Chigamulo chidaperekedwa kale m'dzina, mlandu usadayambe kuzengedwa.

Ndiona kuti Chichewa chingatithandize kuzenga mlanduwu bwino, chifukwa chimasiyanitsa zinthu zimene mkangano wa ochemerera umazisakaniza. Tili ndi kudekha, kufatsa ndi kuleza mtima, zimene timaziyamikira. Tilinso ndi kuzengereza ndi kunyanyala, zimene timazidzudzula. Makolo adati kuona maso a nkhono n'kudekha, adatinso fulumira adadya gaga. Koma makolo omwewo adachenjeza kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Sadayamikire kuchedwa kulikonse ndipo sadadzudzule kulikonse. Kuposa pamenepo, tili ndi msintho womchititsa wa mneni. Kuchedwa ndi mneni wosayambukira: mwininkhani achedwa yekha, palibe pamtherankhani. Kuchedwetsa ndi mneni woyambukira: pali wina amene wachedwetsedwa. N'chimodzimodzi kutopa ndi kutopetsa, kudikira ndi kudikiritsa. Kamphatikiri kakang'onoko kamabweretsa munthu wachiwiri m'chiganizo, ndipo pamene pabwera munthu wachiwiri m'pamene nkhani ya chikhalidwe imayambira. Komabe galamala payokha siithetsa mlandu, pakuti mvula nayo imachedwetsa ulendo popanda cholinga chilichonse. Kuti tiimbe munthu mlandu timawonjezera liwu lina laling'ono, lakuti dala. Tikatsata njira imeneyi tipeza kuti chimene ochemerera amachitcha kusewera mochedwa ndi zinthu zitatu zosiyana.

Choyamba ndi kuchedwa kwa munthu amene maganizo ake amayenda motero. Ofufuza za kalankhulidwe adakumana nacho kale chinthu chofanana ndi chimenechi. Frieda Goldman-Eisler, amene adagwira ntchito ku University College London ndipo adasindikiza zotsatira za kafukufuku wake m'buku mu 1968, adaonetsa kuti kusiyana kwa liwiro la kalankhulidwe kumachokera kwambiri pa kuima kwa pakati pa mawu, kuposa pa liwiro la lilime lenilenilo, ndiponso kuti kuimako kumachuluka pamene wolankhula wapatsidwa ntchito yofuna kuganiza mozama. Chete wa pakati pa mawu ndi nthawi imene ubongo uli pantchito. Patebulo la snooker zilinso chomwecho. Kumenya mpira kumatenga kamphindi komweko kwa aliyense; kusiyana kuli pa nthawi yosankha. Wina amaona njira ya mipira itatu yotsatira pongoyang'ana kamodzi, wina amayenera kuiyenda m'mutu mwake umodziumodzi. Ebdon ali ndi vuto la maso losasiyanitsa bwino mitundu, ndipo nthawi zina ankafunsa woyang'anira masewero kuti amusonyeze mpira wabulauni pakati pa yofiira. Kumuuza munthu wotere kuti asewere pa liwiro la O'Sullivan n'kumuuza kuti asewere moipirapo kuti ife tisangalale. Palibe mlandu pa kuchedwa kwa mtundu uwu, monga palibe mlandu pa munthu wachibwibwi.

Chachiwiri ndi kutalika kwa chigawo kumene kumadza chifukwa cha njira imene wosewera wasankha. Apa wosewera mwina sachedwa n'komwe pa mpira uliwonse. Chimene amachita n'kukana kuyesa mpira wokayikitsa: amaubwezera woyera kumapeto kwa tebulo, amakankhira yamtengo wapatali m'mbali, amamusiya mnzake pamalo poti akalakwitsa pang'ono chabe atsegula khomo. Chigawo chimene chikadatha m'mphindi 15 chimafika ola. Selby ndiye katswiri wa zimenezi m'nthawi yathu ino. Mu 2014 adatsalira ndi zigawo 5 kwa 10 pamaso pa O'Sullivan m'ndime yotsiriza, koma adapambana 18 kwa 14, ndipo aka kadali koyamba O'Sullivan kugonja m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse. Selby adatenganso chikho chimenechi mu 2016, 2017 ndi 2021. Mu 2022 iye ndi Yan Bingtao adalimbana mphindi 85 pa chigawo chimodzi. Ochemerera ambiri amati kasewero kameneka kamagonetsa tulo, ena amafika ponena kuti kamapha masewero.

Mbiri ya masewerowa siigwirizana ndi dandaulo limeneli. Usiku umene snooker adaonereredwa ndi anthu ambiri ku Britain udali wa ndime yotsiriza ya 1985, pamene Dennis Taylor, atatsalira ndi zigawo 8 kwa 0, adagonjetsa Steve Davis 18 kwa 17 pa mpira wakuda wotsiriza. Chigawo chomaliza chidatenga mphindi 68, chidatha pakati pa usiku patadutsa, ndipo anthu 18.5 miliyoni adali maso pa wailesi yakanema ya BBC. M'chigawo chimenecho mudalibe zokongola zambiri. Mudali kubisa, kuphonya, mantha ndi manja onjenjemera. Anthu sadagone chifukwa adadziwa chimene chidali pa mpira uliwonse. Mu 1983 Thorburn, wopera uja, ndiye adali woyamba kupeza mapointi 147 ku Crucible, ndipo masewero omwewo, amene adalimbana ndi Griffiths, adatha 3:51 m'bandakucha. Apa tikuphunzira kuti oonerera sadana ndi kutalika kwa nthawi pakokha. Amatopa pamene sakutha kuwerenga zimene zikuchitika. Kwa munthu wosadziwa, mipira khumi yobisa motsatizana ndi nthawi yotayika. Kwa wodziwa, ndi mafunso khumi ndi mayankho khumi, monga mmene akuluakulu awiri amaponyerana miyambi pabwalo pamene ana akuona ngati mlandu waima. Kutopa kwa woonerera nthawi zina kumanena za wosewera, koma nthawi zina kumanena za woonerera mwini.

Chachitatu, ndipo apa m'pamene pagona nkhani, ndi kuchedwetsa dala: kugwiritsa ntchito nthawi ngati chida chomenyera mtima wa mnzako. Kuti timvetse kulemera kwake tiyenera kuona chimene chimasiyanitsa snooker ndi masewero ena. Pa mpira wamiyendo, mdani akakhala ndi mpira ungathe kumulanda. Pa tenisi, mpira uliwonse umabwerera kwa iwe. Pa chess ya mipikisano, aliyense ali ndi koloko yake, ndipo wochedwa amadya nthawi yake yomwe. Pa snooker, mnzako akakhala patebulo iwe umakhala pampando, manja pamiyendo, osaloledwa kulankhula kapena kusuntha momusokoneza. Nthawi ya chigawo ndi nkhokwe imodzi ya anthu awiri, ndipo amene ali patebulo ndiye wasunga kiyi. Wokhala pampando dzanja limamuzizira, diso limaiwala kutalika kwa tebulo, maganizo amayamba kuyendayenda. Choncho amene ali patebulo wapatsidwa mphamvu pa munthu amene lamulo lamumanga manja. Mphamvu yotere, kulikonse kumene ipezeka, imabwera ndi udindo.

Kusiyana kwa chachiwiri ndi chachitatu kuli apa. Selby akabisa mpira woyera, amamupatsa mnzake tebulo. Funso lili pansalu yobiriwira, aliyense akuliona, ndipo mnzakeyo angaliyankhe ndi ndodo yake. Akakhala ndi luso angathe kulitembenuza kuti msampha ukole mwini wake. Koma munthu amene azungulira tebulo kachinayi pa mpira umene adausankha kale wamupatsa mnzake chinthu chimene ndodo singachiyankhe. Bernard Suits, m'buku lake la 1978 lotchedwa The Grasshopper, adafotokoza kuti masewero amakhalapo pamene anthu avomera mwa kufuna kwawo kufika pa cholinga kudzera njira yovuta, pamene yapafupi ilipo. Njira yapafupi yoika mpira m'thumba ndi kuunyamula ndi dzanja. Osewera adagwirizana zoisiya kuti aone amene ali ndi diso, dzanja ndi mutu wabwino. Kubisa mpira kuli m'kati mwa mgwirizano umenewu, chifukwa kumayesa diso, dzanja ndi mutu. Kuchedwetsa dala kuli kunja kwake, chifukwa kumafuna kupambana popanda kuyesa chilichonse mwa zitatuzi. Stephen Potter adalemba buku lanthabwala mu 1947 lonena za luso lopambana masewero mwa njira zotere, ndipo liwu lake lakuti gamesmanship lidakhazikika m'Chingerezi. Amene adakhalapo pa bawo amamudziwa munthu wa mtundu umenewu. Pali wina amene amakhala chete nthawi yaitali akuwerenga maenje, ndipo timamudikira mwaulemu. Pali winanso amene akaona kuti akudyedwa amayamba kufunsa za odwala a kumudzi kwanu.

Pali mawu otsutsa amene sitiyenera kuwalambalala. Wina anganene kuti kulimba mtima ndi gawo la mayeso. Mpikisano wa ku Crucible umatenga masiku 17, ndipo aliyense amadziwa kuti umayesa kupirira. Ngati O'Sullivan adasweka mtima chifukwa chodikira, kufooka kudali kwake, ndipo Ebdon adangokupeza monga wosewera aliyense amafunafuna pofooka pa mdani. Angawonjezere kuti liwiro nalo ndi chida. Munthu amene wakhala pampando n'kuona mnzake akusesa tebulo m'mphindi zochepa amataya mtima chimodzimodzi, ndipo palibe amene amamuimba mlandu wothamangayo. Mu 2020 zinthu zidatembenuka moonekeratu: m'ndime yachiwiri kwa yotsiriza, O'Sullivan atabisiridwa mpira adangoumenya mwamphamvu kangapo mosalingalira kwambiri, adapambana 17 kwa 16, ndipo Selby ndiye adadandaula kuti kumeneko kudali kupanda ulemu kwa iye ndi kwa masewero. Aliyense wa awiriwa adaonapo kasewero ka mnzake ngati chipongwe.

Mawu otsutsawa ali ndi mphamvu, ndipo ndivomera theka lake. N'zoona kuti wosewera alibe ngongole yosamalira mtima wa mdani wake. Palibe amene ayenera kuthamanga chifukwa chakuti mnzake sadziwa kudikira. Koma theka linalo silikuima. Wothamanga amaopseza mnzake ndi luso lake lenileni. Mantha a wokhala pampando amadza chifukwa mipira ikugwa. Wochedwetsa dala amasautsa mnzake ndi chinthu chimene munthu aliyense, ngakhale wosadziwa kugwira ndodo, angachichite. Ndiponso snooker ali ndi mwambo umene umachotsa pobisalira pa amene amati lamulo silidandiletse. M'masewerowa n'chizolowezi kuti wosewera akakhudza mpira ndi malaya kapena ndi ndodo, ngakhale woyang'anira asadaone, amadziulula yekha ndi kupereka mapointi kwa mnzake. Anthu amene adavomera mwambo wotere adavomera kuti chikumbumtima chawo chimafika patali kuposa diso la woyang'anira. Sangathe tsono, pa nkhani ya nthawi yokha, kubwerera kukabisala kuseri kwa lamulo.

Vuto lotsala ndi lakuti dala saoneka ndi maso. Munthu wolingalira moona ndi munthu wonamizira kulingalira amaima chimodzimodzi, amakwinya nkhope chimodzimodzi. Ngakhale mwini wake sangadziwe bwino lomwe, pakuti mtima wa munthu umatha kuona kuti njira ina ikupindula ndi kuitsatira usadauze mutu. Mwina Ebdon adanena zoona kuti sadachitire dala, komanso mwina n'zoona kuti mbali ina ya iye idaona mnzake akusungunuka pampando ndipo siidafune kufulumira. Chifukwa cha ichi sindingagwirizane ndi amene adamutcha wachinyengo. Chinyengo ndi mlandu waukulu, ndipo kuugamula pa chinthu chimene sitingachione n'kupanda chilungamo kumene tikudzudzulako. Malamulo a snooker amapatsa woyang'anira mphamvu yochenjeza wosewera amene akutenga nthawi yopyola muyeso, ndi yomulanga akapitiriza. Ngati usiku umene uja padali cholakwika, mbali ya mlandu ili pa kusagwiritsa ntchito mphamvu imeneyo. Wokhala pampando sangadziteteze. Pafunika wina womuteteza, ndipo woyang'anira adaikidwira chomwecho.

Ena amati njira yachidule ndi koloko. Idayesedwa kale. Pa mpikisano wotchedwa Shoot Out, chigawo chimatenga mphindi 10 zokha, ndipo wosewera amapatsidwa masekondi 15 pa mpira uliwonse m'theka loyamba ndi masekondi 10 m'theka lachiwiri. Anthu amasangalala, amakuwa, ndipo palibe amene angachedwetse mnzake. Koma koloko siidziwa galamala. Siisiyanitsa kuchedwa ndi kuchedwetsa. Imadula wonamizira pamodzi ndi wolingalira moona, imayesa mpira wophweka ndi mpira umene moyo wa munthu wapachikikapo ndi muyeso umodzi. Chigawo chomaliza cha 1985 sichikadachitika pansi pa koloko yotere. Pamene tilephera kukhulupirira chikumbumtima cha anthu ndi nzeru za woweruza timathamangira muyeso wa manambala, ndipo muyesowo umachotsadi chinyengo, koma umatenga ndi zina zimene tidali kuzifuna.

Tsono oonerera nawo, kodi alibe chawo? Ali nacho. Snooker adali masewero a m'zipinda zautsi kufikira pamene BBC idayamba kuonetsa pulogalamu ya Pot Black mu 1969, nthawi imene wailesi yakanema yoonetsa mitundu idali yachilendo. Chuma chonse chimene osewera amapikisanirana chimachokera kwa anthu ogula matikiti ndi oonerera kunyumba. Wosewera amene anganene kuti alibe nawo ntchito waiwala amene amamudyetsa. Funso ndi lakuti ngongoleyo ndi yotani. Woimba kapena wovina amalonjeza chokoma, ndipo akalephera tili ndi ufulu wodandaula. Wopikisana amalonjeza china: kuti adzayesetsa ndi mtima wonse kupambana mwachilungamo, ndi kuti zotsatira sizidakonzedwe kale. Tsiku limene wosewera angayese mpira wokayikitsa, akudziwa kuti kubisa ndiye nzeru, pofuna kuti timuombere m'manja, tsiku limenelo waleka kupikisana ndipo wayamba chisudzo. Chimene chingaoneke ngati kutipatsa ulemu chingakhale kutibera chinthu chenicheni chimene tidalipirira. Woonerera ali ndi ufulu wotopa, wotseka wailesi, wokonda wina kuposa wina. Ufulu umene alibe ndi wosandutsa kukonda kwake kukhala chigamulo cha khalidwe la munthu.

Pansi pa mkangano wonsewu pali chizolowezi china chimene sichili cha okonda snooker okha. Timakonda munthu amene amaoneka ngati savutika. Jimmy White adafika m'ndime yotsiriza ya mpikisano wa dziko lonse kasanu ndi kamodzi osapambana ngakhale kamodzi, koma adakondedwa kuposa ambiri amene adanyamula chikho. Palibe choipa m'chikondi chimenecho. Chodabwitsa n'chakuti timatamanda kwambiri mphatso, imene munthu sadaigwirire ntchito, ndi kuyang'ana mokayikira khama, limene ndilo lokha munthu angati ndi lake. Selby mayi ake adachoka pakhomo ali ndi zaka 8, bambo ake adamwalira ndi khansa ali ndi zaka 16, atatsala pang'ono kuyamba kusewera ngati ntchito. Munthu wokula motero akaphunzira kusataya chigawo chilichonse, ngakhale chooneka kuti chapita, n'kovuta kumvetsa chifukwa chake khalidwe limenelo liyenera kutchedwa nkhanza. Ndiponso mpanda umene timamanga pakati pa amphatso ndi akhama ndi wabodza. O'Sullivan, amene adapambana mpikisano wa dziko lonse kasanu ndi kawiri pakati pa 2001 ndi 2022, ndi mmodzi wa akatswiri obisa mpira, ndipo sakadafika pamenepo popanda zaka za kuyeserera. Selby, wozunza uja, ndiye adakhala munthu woyamba kupeza mapointi 147 m'ndime yotsiriza ya mpikisanowu, mu 2023, ngakhale adagonja kwa Luca Brecel wa ku Belgium ndi zigawo 18 kwa 15. Maina aja adatibisira theka la munthu aliyense.

Chizolowezi chomwechi ndimachiona m'chipinda chophunzirira. Wophunzira amene amayankha msanga m'Chingerezi chosalala timamuyesa wanzeru tisadamve n'komwe chimene wanena. Amene amaima, nafunafuna liwu, mwina akumasulira maganizo kuchokera m'chinenero cha kwawo, timamudula mawu kapena kumumalizira chiganizo. Kangapo ndakhala ndikupeza polemba mayeso kuti wachiwiriyu ndiye adamvetsa. Komanso mphunzitsi aliyense amamudziwa wachitatu, amene amatalikitsa mawu pamsonkhano kuti nthawi ithe mfundo ya mnzake isadakambidwe. Kulephera kusiyanitsa wachiwiri ndi wachitatu kumatilakwitsa pawiri: timapondereza wodekha, ndipo timalekerera wochenjera.

Yankho langa tsono ndi ili. Wochedwa chifukwa ndi mmene amaganizira salakwira munthu. Wotalikitsa chigawo mwa kubisa ndi kutseka salakwira munthu, ndipo akusewera snooker weniweni monga dzina lake linenera. Wochedwetsa dala amalakwira mnzake, chifukwa wagwiritsa ntchito mphamvu pa munthu womangidwa manja, ndipo amalakwira masewero, chifukwa wapambana kunja kwa chimene adagwirizana kuyesa. Izi zili choncho ngakhale woyang'anira akhale chete. Koma popeza ife oonerera sitingathe kulowa m'mtima mwake, funso lotsiriza angadzifunse ndi iye yekha pamene akuzungulira tebulo: mphindi iyi ndikuithera pa mpira, kapena pa munthu amene wakhala pampandoyo?

Mu Epulo 2017, pa masewero osankha opita ku Crucible, Fergal O'Brien wa ku Ireland ndi David Gilbert wa ku England adafanana zigawo 9 kwa 9. Chigawo chomaliza chidatenga mphindi 123 ndi masekondi 41, nthawi yoposa imene munthu wothamanga kwambiri padziko adali atathamangira mpikisano wa makilomita 42 kufikira chaka chimenecho. Atolankhani adaseka, ndipo ochemerera ambiri adati umenewu ndiwo umboni wa matenda a snooker. Koma pa chigawo chimenecho padali malo ku Crucible, ndalama, ndi ntchito ya chaka chonse ya anthu awiri, ndipo palibe mwa iwo amene adafuna kukhala woyamba kutsegulira mnzake khomo. O'Brien adapambana. Patangopita masiku ochepa adakumana ndi Selby m'ndime yoyamba nagonja ndi zigawo 10 kwa 2. Maola awiri aja sadamufikitse patali, ndipo iye, monga katswiri wa zaka zambiri, ayenera kuti ankadziwa kuti zingathe motero. Adawapirira ndithu, ndipo sindiona chifukwa chimene munthu wokhala pampando wofewa kunyumba angamuuzire kuti akadafulumira.